Desktop imvere manja anu

Munthu akangoika dongosolo latsopano loyendetsera kompyuta, monga Windows kapena Linux, chinthu choyamba chimene amathamangira ndi chithunzi cha kumbuyo. Amafunafuna cha phiri kapena cha nyenyezi, kenako amasankha mitundu ya mawindo, ma icon, ngakhale kaonekedwe ka kamuvi ka mausi. Palibe cholakwa pamenepo, inenso sikirini yokongola ndimaikonda. Koma ntchito ikangoyamba, chithunzi chija chimabisika kuseri kwa browser ndi kalata imene mukulemba, ndipo simudzachionanso mpaka nthawi yozimitsa. Zimene zimatsala nanu tsiku lonse ndi zija zosajambulika: kumene chala chimapita mukafuna kuchoka pa windo ina kupita pa ina, kukula kwa zilembo, kauthenga kamene kamatumphuka pangodya muli pakati pa chiganizo. Kwa ine kukonza desktop ndi kumeneko, ndipo ndimakhulupirira kuti ofunika kuwafunsa poyamba ndi manja.

Tigwirizane kaye za chinthu chimene tikunena. Pa Windows ndi pa Mac, zonse zimene mumaona pa sikirini zimabwera zomatidwa ku dongosolo lenilenilo, choncho ambiri sadziwa kuti zingamatuke. Pa Linux zimaonekeratu kuti ndi zidutswa. Pali pulogalamu imene imaika mawindo pamalo pake ndi kuwasuntha, imene amaitcha window manager. Pali kampanda ka pansi kapena ka pamwamba, kosonyeza nthawi, batire ndi mapulogalamu otseguka. Pali pulogalamu yoonera mafayilo, pali Settings, pali khomo lolowera limene limakufunsani pasiwedi. Zonsezi pamodzi ndiye desktop environment. Pansi pake pali chinanso chosaoneka, chimene chimalumikiza mapulogalamu ndi sikirini, kiyibodi ndi mausi. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inali ya X Window System, imene inabadwira ku yunivesite ya MIT ku America mu 1984, ndipo tsopano ikusiyira malo Wayland, imene Kristian Høgsberg anaiyamba mu 2008.

Maganizo akuti sikirini ioneke ngati tebulo la mu ofesi, la mapepala osanjikizana ndi mafoda, anachokera ku Xerox: Alto ya 1973, kenako Star ya 1981. Apple inawafikitsa kwa anthu wamba ndi Macintosh mu 1984. Koma kaonekedwe kamene kanalowa m'magazi mwa anthu ochuluka ndi ka Windows 95, kampanda pansi, batani la Start kumanzere, wotchi kumanja. Mpaka lero ma desktop a Linux monga Cinnamon, KDE Plasma ndi LXQt amakulandirani ndi kaonekedwe komweko tsiku loyamba.

Ku Linux nkhani inakula mu 1996, pamene Matthias Ettrich, wophunzira pa yunivesite ya Tübingen ku Germany, anaitana anzake kuti apange desktop imodzi yogwirizana, chifukwa nthawi imeneyo pulogalamu iliyonse inkaoneka mwayokha ndi kuchita mwayokha. Ndi mmene inabadwira KDE. Anaimanga ndi Qt, chida chomangira mapulogalamu, imene layisensi yake panthawiyo sinali yaufulu monga ambiri ankafunira, ndipo chifukwa cha zimenezo Miguel de Icaza ndi Federico Mena a ku Mexico anayambitsa GNOME mu 1997 pogwiritsa ntchito chida china chotchedwa GTK. Mkangano wa layisensi unatha kalekale, koma mabanja awiriwo alipobe, ndipo mudzakumana nawo ngakhale musakufuna. Mukadzasintha mitundu n'kuona kuti mapulogalamu ena amvera pamene ena angokhala mmene analili, chifukwa chake kawirikawiri ndi chimenechi: ena ndi a banja la Qt, ena ndi a GTK, ndipo lililonse limawerenga malamulo ake.

Zaka zimene zimandiphunzitsa kwambiri pa nkhaniyi ndi 2011 ndi 2012. Mu Epulo 2011 inatuluka GNOME 3. Inachotsa mndandanda wa mawindo umene unkakhala pansi, inachotsa batani lopindira windo, ndipo m'malo mwa menyu yakale inaika Activities, kumene mawindo onse amayalidwa pamaso panu mukaponya mausi kungodya ya pamwamba kumanzere. Mwezi womwewo Ubuntu 11.04, mtundu wina wa Linux, inabwera ndi desktop yakeyake ya Unity, mapulogalamu atafola m'mbali ya kumanzere. Chaka chotsatira Windows 8 inachotsa batani la Start n'kuika matailosi odzaza sikirini yonse. Amene anapanga zonsezi sanali mbuli. Anali akatswiri, ndipo ankayang'ana kutsogolo, ku masikirini ogwira ndi chala. Koma anthu anakana. Ena anatenga khodi (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu) ya GNOME 2 n'kuipitiriza pansi pa dzina la MATE. A Linux Mint anapanga Cinnamon kuti abwezeretse kampanda ndi menyu. Linus Torvalds mwiniwake, amene anayambitsa Linux, anasamukira ku desktop ina ya Xfce kwa kanthawi. Microsoft inabwezera batani lija mu Windows 8.1 mu 2013, ndi menyu ya Start mu Windows 10 mu 2015. Canonical, kampani yopanga Ubuntu, inasiya Unity mu 2017.

Anthu ena amati kumeneko kunali kuuma mutu chabe, kuopa zatsopano. Ine sindigwirizana nawo. Munthu amene wagwira ntchito pa kompyuta zaka khumi saganiza kuti "tsopano ndidine pansi kumanzere". Dzanja limapita lokha, maso ali pa ntchito, mutu uli pa chiganizo chotsatira. Luso limenelo analipeza pobwereza chinthu chimodzi masiku osawerengeka, ndipo ndi lake monga mmene luso la woyendetsa galimoto liliri lake. Mukasuntha batani, mwamulanda luso lija, ndipo ayenera kuyambanso kuyang'ana ndi kuganiza chinthu chimene anali atasiya kuchiganiza. GNOME ya lero ndi yabwino kwambiri, ndipo amene anayambira pamenepo manja awo amaikonda monga ena amakondera menyu ya Start. Chimene chinapweteka anthu chinali kusinthidwa popanda kufunsidwa. Tsono chodabwitsa n'chakuti ife tomwe, tikapatsidwa ufulu wosintha chilichonse, timachitira manja athu zomwezo: lero kampanda pamwamba, mawa kumanzere, mkuja mabatani atsopano, manja osapatsidwa mpata wokhazikika.

Pali lamulo lina lakale limene limathandiza kumvetsa manja. Mu 1954 katswiri wa zamaganizo Paul Fitts anasonyeza kuti nthawi imene dzanja limatenga kuti lifike pa chinthu imadalira zinthu ziwiri: kutalika kwa mtunda ndi kukula kwa chinthucho. Chakutali ndi chaching'ono chimachedwetsa. Pa sikirini, lamuloli lili ndi chipatso chosangalatsa. Kamuvi ka mausi sikangapyole m'mphepete, choncho chinthu chokhala m'mphepete penipeni simungachiphonye, ndipo cha pangodya simungachiphonye mbali zonse ziwiri. Mungoponya mausi mwamphamvu, kamuvi kaima pomwepo. N'chifukwa chake menyu ya Mac imakhala pamwamba penipeni, n'chifukwa chake Start inakhala pangodya zaka zonsezo. Windows 11 itabwera mu 2021 inaika batanilo pakati, ndipo pakatipo limasuntha pang'ono nthawi iliyonse mukatsegula pulogalamu ina, choncho diso liyenera kulifunafuna. Mwamwayi mu Settings muli posankha kuti libwerere kumanzere. Pa Linux, mukaona kampanda koyandama, kosiya mpata pakati pa iko ndi m'mphepete, kayeseni: ponyani mausi kungodya, dinani osayang'ana. Ngati menyu yatseguka, zili bwino. Ngati mwadina pachabe, kukongola kumeneko mukukulipira ndi dzanja lanu ulendo uliwonse.

Ndiye uphungu wanga woyamba ndi wovuta kuutsatira: mukaika desktop yatsopano, musasinthe kanthu kwa sabata imodzi kapena awiri. Igwiritseni ntchito mmene yabwerera, kapepala kali pafupi. Nthawi iliyonse mukapunthwa, lembani. "Ndinafuna kutseka windo, ndinadina polakwika." "Ndikuwerama kuti ndiwerenge mayina a mafayilo." "Sindikupeza foda ya ntchito msanga." Pakutha pa masikuwo mudzaona kuti zina zimene munalemba poyamba zatha zokha, manja azolowera. Zimene zikubwerabe ndiye ntchito yanu. Mndandanda wotere umakhala waufupi, ndipo sufanana ndi wa munthu wina aliyense, chifukwa wolemba malipoti, wokonza zithunzi ndi wolemba khodi sapunthwa pamalo amodzi.

Za kusankha desktop yeniyeniyo sindichulukitsa mawu, chifukwa anthu amakangana kwambiri pa chinthu chimene flash disk imodzi ingathetse. Pafupifupi Linux iliyonse imatha kuyenda kuchokera pa flash osakhudza zimene zili mu kompyuta, ndipo pulogalamu ya Ventoy imalola kuika mitundu ingapo pa flash imodzi. Yesani. GNOME imakupatsani njira imodzi yoganiziridwa bwino ndi zosankha zochepa. KDE Plasma imakupatsani zosankha pa chilichonse, ndipo si yolemera monga mbiri yake yakale imanenera. Xfce, imene Olivier Fourdan anaiyamba mu 1996, imasintha pang'onopang'ono, ndipo ubwino wake ndi womwewo. LXQt ndi ya makompyuta ofooka. Pa kompyuta yakale, kumbukirani kuti chimene chimadya RAM kwambiri kawirikawiri ndi browser yodzaza ma tab, choncho desktop yopepuka ithandiza koma sichita zozizwitsa.

Chimene sindilimbikitsa ndi kuunjika ma desktop atatu kapena anayi pa kompyuta imodzi pansi pa dzina limodzi. N'zotheka, koma mudzapeza mapulogalamu oonera mafayilo angapo mu menyu, ndipo desktop ina imalemba m'mafayilo amene inzake imawerenga, mpaka zilembo ndi mitundu zimasokonekera popanda wodziwa amene wasokoneza. Ngati mukufuna kuyesa ina, pangani user wachiwiri, ndiye kuti dzina lina lolowera pa kompyutayo.

Tsopano zosintha zenizeni. Ndimayamba ndi maso, chifukwa maso akavutika, khosi ndi msana zimatsatira. Mapulogalamu ambiri anapangidwa poganiza kuti sikirini ili ndi madontho pafupifupi 96 pa inchi iliyonse. Sikirini ya mainchesi 24 ya 1920 ndi 1080 ili pafupi ndi pamenepo. Koma madontho omwewo mukawapanikiza pa laputopu ya mainchesi 14, amafika pafupifupi 157 pa inchi, ndipo zilembo zimachepa kwambiri. Anthu ambiri amangopirira. Amasendera kufupi, amatsinzinira, amaweramitsa mutu, ndipo madzulo amadabwa kuti mapewa akuwawa. Yankho lili mu Settings, pa gawo la Display: kwezani scale kufika 125 kapena 150 peresenti. Pa Wayland zimenezi zimayenda bwino tsopano, ngakhale mapulogalamu ena akale amene amadutsira mu XWayland, mlatho wa mapulogalamu opangidwira X, amatha kuoneka ngati ali ndi nkhungu. Zikatero pali njira ina: siyani scale pa 100, kwezani zilembo zokha. Pa GNOME muli batani la Large Text m'gawo la Accessibility, ndipo musaope dzina la gawolo, ndi la aliyense.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsamirani pa mpando, msana ukhudze kumbuyo, tambasulani dzanja kuti nsonga za zala zitsale pang'ono kufika pa sikirini. Werengani mayina a mafayilo muli pomwepo. Ngati mutu wayamba kupita kutsogolo wokha, zilembo zikadali zazing'ono.

Font nayonso ndi nkhani ya ntchito. Lembani motsatizana I wamkulu, l wamng'ono ndi nambala 1, kenako O ndi 0. Ngati simungasiyanitse mwachangu, font imeneyo idzakusokonezani tsiku limene mukukopera pasiwedi kapena nambala ya akaunti. DejaVu Sans Mono imasiyanitsa bwino pa terminal, windo imene mumalembamo malamulo opita kwa kompyuta. Atkinson Hyperlegible, imene Braille Institute inatulutsa mu 2019, inapangidwira anthu oona movutikira, koma aliyense angapindule nayo. Banja la Noto lili ndi zilembo za zilankhulo zochuluka, choncho mukaliika simudzaonanso timabokosi m'malo mwa zilembo zachilendo.

Za mdima ndi kuwala, musalole wina akuuzeni kuti sikirini yakuda ndiyo yabwino kwa aliyense. M'chipinda cha mdima imapepuza maso, ndipo pa sikirini ya OLED imasunga batire. Koma masana, pafupi ndi zenera, zilembo zakuda pa zoyera zimawerengeka bwino, ndipo pali anthu amene zilembo zoyera pamdima zimaoneka kwa iwo ngati zikuyenderera. Chofunika kwambiri ndi kusiyana kwa mtundu wa chilembo ndi wa kumbuyo kwake. Malangizo a WCAG, othandiza kuti masamba a pa intaneti afikirike ndi aliyense, amati pa zilembo wamba kusiyanako kukhale 4.5 kwa 1 kapena kuposerapo, ndipo ma theme ambiri okongola, a zilembo zotuwa pa zotuwa, safika pamenepo. Yatsaninso Night Light, imene imatembenuza sikirini kukhala yofiirira dzuwa likalowa. Windows, Mac, GNOME ndi Plasma zonse zili nacho chinthu chotere.

Kiyibodi ndi kumene mtima wanga uli. Yang'anani dzanja lanu lamanzere mukamakopera mawu. Kachala kakang'ono kamapindika kupita pansi kungodya kukafuna Ctrl, dzanja lonse limapotoka, chala china chikufika pa C. Muchita zimenezo kangati patsiku? Pamene pomwepo, pafupi ndi A, pamalo pamene kachalako kamapumira kale, pali batani lalikulu la Caps Lock limene ambiri timangolidina mwangozi. Pa Linux mungalisandutse Ctrl wachiwiri: pa Plasma zili m'gawo la Keyboard mu System Settings, pa GNOME zili mu pulogalamu ya Tweaks. Pa Mac zili mu Modifier Keys, ndipo pa Windows pulogalamu ya PowerToys ili ndi Keyboard Manager yochitira zomwezo. Masiku oyamba kachala kamabwererabe kungodya. Kenako kamasiya. Kusintha kumeneku kumalipiritsa manja kanthawi kochepa n'kuwabwezera zaka zambiri, ndipo ndi muyeso umene ndimayesera kusintha kwina kulikonse.

Pa Linux palinso batani lina limene ndimadabwa kuti anthu ambiri sanalimvepo, la Compose. Silinalembedwe pa kiyibodi. Mumasankha nokha batani limene likhale Compose, monga Alt wakumanja. Mukalidina, kenako n'kudina zizindikiro ziwiri motsatizana, zimaphatikizana kukhala chilembo chimodzi. Compose, kenako ^, kenako w, zimapereka ŵ. Compose, ', e zimapereka é. Compose, ~, n zimapereka ñ. Compose, o, o zimapereka kachizindikiro ka madigiri. Amene amalemba m'chilankhulo chilichonse cha zilembo zotere amadziwa ululu wosiya chiganizo pakati, kutsegula browser, kufunafuna chilembo, kuchikopera, kubwerera, ganizo litathawa. Ambiri amangogonja n'kulemba dzina la munthu molakwika. Ndi Compose, dzinalo limalembeka bwino ndipo dzanja silichoka pa kiyibodi. Mukadali komweko, chepetsani nthawi imene batani limadikira lisanayambe kubwereza, ndipo wonjezerani liwiro lobwerezera. Mudzamva kusiyana mukangogwira Backspace kapena kamuvi koyendera m'mawu.

Pa ma shortcut ndine woumira. N'zosavuta kupanga makumi atatu madzulo amodzi, koma manja amasunga okhawo amene amagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Batani la Super, lija la chizindikiro cha Windows, kenako kulemba zilembo zitatu zoyamba za dzina la pulogalamu, kenako Enter: imeneyi yokha imachotsa kufunika kwa ma icon ambiri. Alt ndi Tab posintha mawindo. Super ndi kamuvi ka kumanzere kapena kumanja poika windo pa theka la sikirini, zimene Windows inabweretsa mu Windows 7 mu 2009 ndipo GNOME ndi Plasma zimachitanso chimodzimodzi. Izi musazisinthe. Tsiku lina mudzakhala pa kompyuta ya kuntchito kapena ya mnzanu, ndipo n'kwabwino kuti manja apeze zinthu pamene anazizolowera. Zanuzanu ziikeni pa mabatani opanda ntchito, ndipo zikhale zochepa: imodzi yotsegula terminal, ina ya foda imene mumakhalamo, ina yojambula sikirini.

Ma workspace, amene ena amati ma virtual desktop, anthu a Unix akhala nawo kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Mac inawalandira mu 2007, Windows mu 2015. Phindu lawo limaoneka pokhapokha aliyense akakhala ndi ntchito yake yosasintha. Woyamba wa zimene mukulemba. Wachiwiri wa browser. Wachitatu wa makalata ndi macheza. Mukapatsa aliyense shortcut ya nambala yake, kupita ku makalata kumasiya kukhala kufunafuna m'mulu wa mawindo, kumakhala kudina kumodzi kumene dzanja limadziwa. Ndipo makalata akakhala kwaokha, simuwaona mukamalemba.

Pali anthu amene amapitirira apa n'kusiya desktop environment yonse, n'kutenga tiling window manager ngati i3, imene Michael Stapelberg anaiyamba mu 2009, kapena Sway, imene imachita zofanana pa Wayland. Kumeneko mawindo sasanjikizana; amagawana sikirini okha, ndipo zonse zimachitika ndi kiyibodi. Ndimawalemekeza, chifukwa ndi kumvera manja kofika nako pamapeto. Koma dziwani chimene mukulowamo. Zinthu zimene GNOME kapena Plasma imakuchitirani mwakachetechete, kukhoma sikirini mukachoka, kuchenjeza batire ikamatha, kutsegula flash mukailowetsa, kusankha Wi-Fi, zonsezo muyenera kuzisonkhanitsa nokha chimodzichimodzi. Ngati ntchito imeneyo imakusangalatsani, pitani. Ngati mukungofuna mawindo ofola bwino, Plasma ili kale ndi njira yake yowagawira malo.

Zidziwitso ndi gawo limene anthu amaliiwala, pamene ndi limene limaba nthawi yochuluka. Pulogalamu iliyonse imabwera ikudziona yofunika, ikufuna kukugwirani paphewa. Tsegulani mndandanda wa Notifications mu Settings, muyende nawo kuyambira pamwamba mpaka pansi, pa iliyonse mudzifunse ngati mungalole munthu kukudulani mawu chifukwa cha uthenga umenewo. Kalendala yokukumbutsani msonkhano, inde. Batire yotsala pang'ono kutha, inde. Nyimbo yasintha, ayi. Tsamba la pa intaneti limene munalilola mosadziwa, ayi. Zimitsaninso kuonetsa mawu a mauthenga pa sikirini yokhoma, chifukwa aliyense wodutsa angawerenge.

Tikafika pa ma theme, ndimakumbukira mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zithunzi za ma desktop okongola zimene anthu amaonetsana pa intaneti zimajambulidwa pa mphindi imodzi yosankhidwa: terminal yoonekera mkati, wotchi yaikulu, palibe spreadsheet, palibe fomu yodzaza. Ikani theme yomweyo, tsegulani pulogalamu imene woipanga sanaiyese, mupeza zilembo zoyera pa bokosi loyera, kapena batani limene silikuoneka ngati lasankhidwa kapena ayi. Mu 2019 gulu la opanga mapulogalamu a GNOME linalemba kalata yapoyera kupempha opanga ma distro, mitundu ya Linux monga Ubuntu, kuti asiye kuika ma theme awo pa mapulogalamu a anthu ena, chifukwa madandaulo a zosweka ankafika kwa iwo pa zinthu zimene sanaswe. Kenako kunabwera libadwaita, chida chimene chimapatsa mapulogalamu a GNOME kaonekedwe kamodzi, ndipo kuyambira GNOME 42 mu 2022 mapulogalamu ambiri a GNOME samveranso ma theme akale. Ena anakhumudwa, ndipo ndikumvetsa. Koma ine ndimakhutira ndi zochepa: kuwala kapena mdima, mtundu umodzi wokometsera, ndi chithunzi cha kumbuyo chosapokosera.

Pali chinanso choopsa kuposa kunyansa. Extension ya GNOME ndi khodi yowonjezera imene imalowa m'kati mwa desktop yeniyeniyo, ndipo GNOME imatuluka yatsopano kawiri pachaka. GNOME 45 itatuluka mu 2023, inasintha mmene khodi yake ya JavaScript imasonkhanitsidwira, ndipo extension iliyonse inayenera kukonzedwanso kuti iyende. Amene ntchito yawo inatsamira pa ma extension khumi anayenera kudikira anthu khumi osiyana, ena mwa iwo atasiya kale kusamalira zimene anapanga. Ku KDE, mu 2024, kunamveka nkhani ya munthu amene anaika global theme yochokera pa sitolo ya pa intaneti, ndipo khodi yolakwika imene inali m'katimo inafufuta mafayilo ake. Opanga KDE anachenjeza poyera kuti ma theme otere amatha kukhala ndi khodi yoyenda. Choncho musanadine Install, onani ngati chinthucho chikusamalidwabe, ngati anthu ena akuchigwiritsa ntchito, ndipo funsani kapepala kanu kaja ngati vuto limene chikuthetsa linalembedwapo.

Zonsezi zimakula mukamakonzera munthu wina, kholo kapena wachibale amene kompyuta si ntchito yake. Chiyeso chimakhala chakuti muwaikire zimene inu mumakonda. M'malo mwake khalani pambali, muwaone akugwira ntchito, musalankhule. Mudzaona kuti kudina kawiri mofulumira kukuwavuta, ndiye talikitsani nthawi ya double click. Mudzaona akusaka kamuvi ka mausi, ndiye kakulitseni. Mudzaona chikhatho chikukhudza touchpad akamalemba, mawu n'kudumphira pena, ndiye yatsani chozimitsa touchpad polemba. Kwa amene sangagwire mabatani awiri nthawi imodzi pali Sticky Keys. Ikani pa kampanda mapulogalamu anayi kapena asanu amene amagwiritsa ntchito, chotsani ena onse, ndipo mukamaliza musadzasunthenso kanthu popanda kuwauza. Manja awo akuphunzira, ndipo amaphunzira mochedwerapo kuposa anu.

Chomaliza kuchita ndi kusunga zimene mwakonza, chifukwa hard disk imafa, laputopu imatayika, ndipo palibe amene amakumbukira zosintha makumi anayi zimene anachita m'miyezi yosiyana. Pa Linux zambiri zimakhala m'mafayilo obisika, amene mayina awo amayamba ndi kadontho, makamaka mu foda ya ~/.config. Mu pulogalamu yoonera mafayilo, Ctrl ndi H imawaonetsa. Plasma imasunga ma shortcut mu kglobalshortcutsrc ndi malamulo a mawindo mu kwinrulesrc, mafayilo a mawu wamba amene mungatsegule ndi kuwerenga. Xfce imasunga zake mu ~/.config/xfce4. GNOME imagwiritsa ntchito dconf, imene siwerengeka ndi maso, koma mukalemba dconf dump / > makonda.txt pa terminal zonse zimatuluka m'fayilo imodzi, ndipo dconf load / < makonda.txt imazibwezera. Ena amaika mafayilowa mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo, kuti aziona chimene chinasintha ndi tsiku lake. Mukatero, sankhani mafayilo mmodzimmodzi, musakweze foda yonse pa intaneti, chifukwa mu ~/.config momwemo ma browser ena ndi mapulogalamu a macheza amasungamo zinsinsi zolowera, ndipo ~/.ssh, foda ya makiyi olowera m'makompyuta ena, isachoke pa kompyuta yanu popanda loko.

Pambali pa mafayilowo sungani kafayilo ka mawu anuanu, mzere umodzi pa kusintha kulikonse: chimene munasintha, kumene chili, ndi chifukwa chake. Chifukwacho n'chimene chimaiwalika msanga, ndipo popanda icho simudzadziwa ngati kusinthako kukufunikabe desktop ikadzatuluka yatsopano. Kenako yesani zimene mwasunga kompyuta ikadali yamoyo. Pangani user watsopano, kopererani mafayilo aja, tulukani, lowaninso, gwirani ntchito pang'ono. Zosowa zimaonekera pompo. Kawirikawiri ndi ma font amene anatsala mu ~/.local/share/fonts, ndi ma extension, amene GNOME imasunga mu ~/.local/share/gnome-shell/extensions. Awonjezereni pa zosunga zanu, kenako fufutani user woyesera uja.